Chinsalu Chimene Chinakana Kubooka

Pa esiteti ya tiyi imene Teleza ankagwirako ntchito, kuseri kwa Khonjeni, munthu sankakhazikika pa ntchito chifukwa cha zaka zimene wagwira kapena makilo a masamba amene wathyola. Ankakhazikika chifukwa cha bowo. Aliyense wolembedwa wa sizoni ankapatsidwa epuloni yobiriwira ya pulasitiki, yomanga m'chiuno kuti nthambi za tiyi zisamamulase ndiponso mame asamamunyowetse. Epuloniyo ikabooka ndi ntchito, bowo loti chala cha kalaliki wa kusitolo n'kulowamo, mwini wake ankalandira ina yachikasu. Yachikasuyo ndiye inali zonse. Dzina lako linkachoka kwa a sizoni n'kupita kwa a pamanenti, mvula ikatha sankakuuza kuti ubwerere kwanu, ndipo ankakupatsa kiyi wa nyumba ya zipinda ziwiri ku malayini, pafupi ndi sukulu komanso mpopi wa madzi.

Lamuloli analiyambitsa manijala wina wakalekale amene ankati mapepala amanama koma epuloni sinama. Iye anapita kwawo, mwinanso mafupa ake anaola kale, koma lamulo linatsala lili chilili, ndipo panalibe amene ankaliona ngati lachilendo. Epuloni yobiriwira inkabooka pakatha masizoni atatu. Ya wolimbikira inkabooka pakatha awiri. Ya wochenjera, wodziwa pamene pali mwala wabwino kumtsinje, sizoni imodzi ndi theka inkakwana.

Tsiku lolemba anthu, mu Disembala, Teleza anafika womaliza pamzere chifukwa kabaza amene anakwera anaphulitsa tayala pachitunda. Mmene ankafika pazenera la sitolo n'kuti maepuloni atatha. Kalaliki wa kusitoloko, a Douglas, anali munthu wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo chibadwire anali asanatulutsepo mawu akuti "zatha". Kwa iwo sitolo ya kampani sinkatha zinthu. Analowa mkati, nafufuza kuseri kwa matumba a feteleza, n'kutulukira ndi chinthu chokulunga ngati mphasa.

"Mwayi wanu, amayi," anatero a Douglas. "Iyi ndi ya sipesho."

Anachitambasula pa kauntala. Chinali chinsalu chakuda bii, chokhuthala ngati lamba wa pachigayo, chachitali mokwanira kuzungulira chiuno cha munthu wamkulu. Pamwamba chinali chosalala, kunsi kwake kunali mphira, ndipo m'mbali monse anasokamo ulusi wothithikana. Pakati pake anajambulapo chinjoka chofiira chamapiko chikulavula moto. Chinsaluchi chinafika kusitoloko m'katoni ya zotsala pamene banja la manijala wina linkasamuka, ndipo a Douglas anachisunga miyezi isanu akusowa dzina loti achipatse. Tsiku limenelo dzina linapezeka.

"Zingwe zake zili kuti?" anafunsa Teleza.

"Za sipesho sizibwera ndi zingwe. Mukapeze chubu cha njinga."

"Nanga ikabooka, yachikasu ija ndidzalandira?"

"Lamulo ndi limodzi, amayi. Ichi chikangolowa, basi." Anakweza chala chawo cha mkombaphala kuti Teleza achione bwino. Chinali chala chonenepa, cha munthu wosathyola tiyi.

Atafika kunyumba, Teleza anaitana mwana wake Queen, wa zaka khumi, n'kumuonetsa chinsalucho. Awiriwa ankagona m'kanyumba ka chipinda chimodzi pakhomo pa mkulu wake wa Teleza, tsidya la mtsinje umene ukadzaza unkatseka njira ya kusukulu kwa masabata. "Ukuchiona ichi? Chikangobooka tikusamukira ku malayini. Iwe chipinda chako, ine changa. Sukulu uzidzangotuluka pakhomo n'kulowa m'kalasi." Queen anafunsa ngati chipindacho chidzakhale ndi zenera. Atamva kuti eya, anasankha yekha chitenje cha maluwa achikasu mwa zitenje zitatu za amayi ake kuti chidzakhale katani. Teleza anachipinda n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo sanachivalenso.

Kunena chilungamo, m'munda chinsalucho chinkaposa epuloni iliyonse imene inapondapo pa esitetipo. Mame sankalowa. Nthambi zodulidwa kumene, zija zimalasa ngati misomali, zinkangoterereka. Anzake akamaweruka ntchafu zili zikandezikande, Teleza ankapita kwawo wosalala. Vuto linali lakuti chikanyowa chinkalemera ngati mwana wa mbuzi, chinkatenga masiku awiri kuti chiume, ndipo dzuwa likakula munthu ankaphikika m'kati mwake. Amayi ena opemphera kwambiri a m'gulu lake anadandaulanso za chinjokacho, ati sangathyole tiyi akuyang'anizana ndi chilombo chotere m'mawa uliwonse. Teleza posafuna mikangano anachitembenuza, njoka mkati, mphira kunja. Anayenda masitepe awiri okha. Mphira uja unagwirana ndi mitengo ya tiyi mbali zonse, iye n'kukanirira pakati pa mzere dengu lili kumsana, osapita kutsogolo, osabwerera. Kapitawo ndi amuna awiri anachita kumuzula. Kuyambira pamenepo amayi aja anavomera kuti njoka izikhala kunja, bola isamawayang'ane pa nthawi ya pemphero.

Sizoni yachitatu itatha, mnzake wapamtima wa Teleza, Cathy, amene analembedwa naye tsiku limodzi, analowetsa chala cha a Douglas pa epuloni yake n'kutuluka ndi yachikasu. Teleza anayala chake pa kauntala. A Douglas anachinyamula, nachiloza kudzuwa, nachitembenuza, kenako anayendetsa chala kuchokera kumchira kwa njoka mpaka kumano. Ulusi ndi umodzi womwe unali usanaduke.

"Ikadali ndi moyo iyi, amake Queen. Mudzabwerenso chaka chamawa."

"Nde mungondisinthira, mundipatse yobiriwira ngati anzanga."

"Munthu mmodzi, epuloni imodzi. Ndikupatseni yachiwiri yoyamba isanafe? Zimenezo sizinachitikepo."

Panjira Cathy anamutsina khutu. "Asisi, inu mumaganiza kuti zathuzi zimabooka zokha? Pitani pamwala uja wa kumunsi kwa buliji, wokhakhala uja. Masabata atatu basi. Koma leza musayerekeze, a Douglas amadziwa podula leza. Munamuona Bizwick uja anadula yake mmene anamupirikitsira." Zinali zoona. Wodula epuloni ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, ndipo wotaya epuloni sankalembedwanso mpaka kalekale. Chinthu chinkayenera kufa imfa yake yachilengedwe, kapena yooneka ngati yachilengedwe.

Teleza anapita pamwala paja. Anakhula Loweruka, anakhula Lamlungu pochokera kutchalitchi, anakhula mpaka mapewa anachita dzanzi. Pakutha pa masabata atatu chinsalu chinali chikung'anima, ndipo mwala uja unali utasalala ngati mbale. Amayi a sizoni amene anabwera pambuyo pake ndi maepuloni awo obiriwira anakhula tsiku lonse osaphula kanthu. Anabwera pakhomo pa Teleza ali gulu kudzamuuza kuti wawawonongera tsogolo, mwala umene unakhazikitsa amayi awo pa ntchito wautha yekha. Teleza anapepesa, nanga akanatani.

Anayesa mbuzi. A Zakeyu, oyandikana nawo nyumba, anali ndi tonde wodziwika mudzi wonse, amene anadyapo beseni lapulasitiki, buku la nyimbo ndi theka la ambulera. Teleza anapaka chinsalucho madeya ndi mchere n'kuchisiya pamene tondeyo ankamangidwa. Mbuzi inanyambita madeya, inagwira ngodya imodzi n'kutafuna masana onse, maso ali psuu. Pofika madzulo inalavula, n'kukagona kuseri kwa khola. Inakana chakudya masiku awiri, ndipo a Zakeyu akuti kuyambira pamenepo inasiya khalidwe lodya za anthu. Pangodya paja panangotsala malovu.

Anayesa lole. Asumani, dalaivala wonyamula masamba kupita nawo kufakitale, anavomera kuti azichiponda. Tsiku lililonse poweruka Teleza ankachiyala pamsewu, lole yodzaza n'kudutsapo matayala onse, iye n'kuchitola, n'kusasa fumbi, chili gwa. Tsiku lina mvula itagwa loleyo inatitimira pokhota, amuna khumi anakankha osatheka. Asumani anabwereka chinsalucho n'kuchiika kunsi kwa tayala, ndipo lole inatuluka ngati ikuyenda pa tala. Kuyambira pamenepo mitambo ikangoda ankatumiza uthenga kumunda kuti achemwali a njoka asapite patali.

Chilimwe china, atauzidwa ngati masiku onse kuti a sizoni abwerere kwawo, Teleza anakulunga mpini wa khasu m'chinsalucho n'kuchikwirira pachulu. Anadikira miyezi inayi. Pofukula anapeza chiswe chitadya mpini wonse, kenako chitamanga nyumba zake kunsi kwa chinsalucho ngati denga, poti mkatimo simunkadontha. Zinamuwawa kuona kuti ngakhale chiswe chapeza nyumba ndi chinsalu chakecho iye asanapeze.

Mwina wina angafunse kuti bwanji sanangopita ku esiteti ina. Maesiteti ena anali kutali, ndipo kumeneko akanakayamba ngati mlendo. Koma chachikulu n'chakuti chaka chilichonse Teleza ankaona penapake pooneka ngati payamba kupyapyala, makamaka pa diso la njoka, n'kunena kuti sizoni ikubwerayi ndiye yomaliza. Munthu ukadikira zaka zinayi, chachisanu umadikira chifukwa cha zinayi zija.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi kunagwa mvula ya namondwe masiku atatu osakata. Mtsinje unasefukira n'kukokolola zonse zimene zinali pachingwe choyanikira, chinsalu chomwe. Teleza ataona chingwe chili mbee anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, kuti mdani wapita. Ali mkati moseka anakumbukira kuti wotaya epuloni salembedwanso. Anamanga chitenje n'kutsika ndi mtsinje, akufunsa m'midzi ngati wina waona njoka yofiira yamapiko, funso limene linathawitsa anthu angapo. Tsiku lachiwiri anachipeza chitakodwa pa mtengo wa mkuyu chakufupi ndi kwa Nsabwe. Madzi anali atagumula milatho ndi makoma a njerwa zootcha, koma chinsalucho anangochichapa. Chinali choyera kuposa tsiku limene anachilandira.

Zina zonse zinkatha bwinobwino. Machubu omangira anaduka khumi ndi awiri. Madengu anatha anayi. Zala za Teleza zinang'ambika n'kuda ndi utomoni wa tiyi, mawondo anayamba kulira akamakwera mtunda, ndipo m'nyengo ya chiperoni msana unkachita kumudzutsa. Nayenso Queen ankakula. Chaka chilichonse mtsinje unkamudyera masabata a sukulu, anabwereza Sitandade 6, anabwereza 7, kenako anangosiya kufunsa za yunifolomu. Za chipinda anasiya kufunsa kalekale. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakwatiwa ndi mlimi wa chimanga wa ku Thekerani, munthu wofatsa wosadandaulitsa. Pa tsiku la chinkhoswe Teleza anavina ndi kululuta ngati mayi aliyense, koma mumtima munali mowawa kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti mwana uja anali ndi mutu wa sukulu ndipo chimene chinamulepheretsa ndi mtsinje umodzi basi.

A Douglas sanali munthu woipa. Mwezi wa Meyi uliwonse, Teleza akayala chinsalu pa kauntala, iwo ankavula wotchi, n'kupinda malaya, n'kufufuza ndi mtima wonse ngati munthu wofuna ndalama yogwera mu udzu. Chaka china anakanikiza pa diso la njoka mpaka anabinya chala, n'kukhala sabata yathunthu atamanga bandeji. Chaka chotsatira anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Lero ndigwiritsa chaching'onochi, amake Queen. Musauze munthu." Chala chaching'ono nachonso chinabwerera chimodzimodzi. Tayi wawo anasuluka, tsitsi linachita imvi, koma maganizo oti angathe kungonena kuti chalowa pamene sichinalowe sanawafikepo ndi tsiku limodzi lomwe.

M'sizoni yachisanu ndi chinayi kunabwera wachiwiri kwa manijala watsopano, a Caleb, ochokera ku yunivesite. Anali wamtali, wa magalasi, wooneka kuti tiyi amamudziwira m'kapu basi. Tsiku lawo lachitatu akuyendera minda, foni ili m'manja, anafika pamzere wa Teleza n'kuima chilili.

"Mama, taimani kaye. Chimenecho mwachitenga kuti?"

"Ndi epuloni yanga, bwana. Anandipatsa kusitolo."

"Ayi, ichi ndi changa. Bambo anga anali manijala konkuno. Ankolo ananditumizira kuchokera ku Joni ndili Fomu 2, nde tikusamuka chinasowa. Ndinalira wiki yathunthu."

Teleza anafuna kuwauza kuti iye walira zaka zisanu ndi zinayi, koma kwa bwana suyamba ndi zimenezo. Anangovula dengu n'kuwatsatira ku ofesi monga anamuuzira. A Douglas nawonso anaitanidwa, ndipo anafika akukonza tayi.

Mu ofesimo a Caleb anapukuta chinsalucho ndi thaulo lawo lomwe, n'kuchiyala pa tebulo. "Dzina lake ndi mausipadi," anatero. "Mumaiyala chonchi, n'kuikapo kiyibodi, nde aka kamayenda pamwambapa mukamasewera magemu a pakompyuta." Anakweza kachipangizo kakuda kofanana ndi theka la peyala, kamene anati ndi mausi, koyendetsera kamuvi pa sikirini.

"Ntchito yake yeniyeni n'chiyani, bwana?" anafunsa a Douglas.

"Kuti kamausika kaziyenda kosapunthwa."

"Basi?"

"Basi."

"Kusitolo ili ngati epuloni, bwana," anatero a Douglas motsitsa mawu.

Teleza anayang'ana kachipangizo kaja, kopepuka ngati dzira, n'kuyang'ananso chinsalu chimene chinagonjetsa mwala, tonde, lole, chiswe ndi namondwe. Ndiye kuti kwinakwake kuli anthu amene anakhala pansi n'kusoka chinthu cholimba chonchi kuti kathu kameneka kasapunthwe pa tebulo, m'nyumba mosagwa mvula. Anasowa choti aganize za anthu amenewo.

A Caleb anali atakondwa ngati apeza m'bale wotayika. Anajambula ulusi wa m'mbali, anajambula mphira, anafunsa Teleza zonse zimene chinsalucho chinadutsamo, iye n'kufotokoza zina, za mwala ndi mbuzi n'kuzisiya. "Zaka naini m'munda, ulusi osaduka," ankatero akulemba pa foni. "Anthu a pa intaneti sakhulupirira zimenezi. A Douglas, bwanji tingoitanitsa zoterezi za a sizoni onse? Sizikutha izi."

"Ganizo labwino, bwana," anayankha a Douglas monyinyirika.

Teleza anayang'ananso chinsalucho. Anaganiza za atsikana a m'gulu lake, olembedwa chaka chomwecho, aliyense ali ndi mwana wake tsidya la mtsinje wina, onse atavala njoka zofiira mpaka ukalamba.

"Tiyeni tione ngati ikuyendabe," anatero a Caleb. Anayatsa kompyuta, anaika kamausi pamutu pa njoka n'kukakankha. Kamuvi ka pa sikirini kananjenjemera, kanadumphira pakona n'kukhala pomwepo. Anayesa pa phiko, kamuvi kanazungulira kokha ngati nkhuku yachitopa. Anayesa kumchira, sikanasunthe n'komwe. Anauzira mpweya kunsi kwa kamausi, anakayendetsa pa thabwa la tebulo, kanayenda bwinobwino. Anakabwezera pa chinsalu, kanakananso. Anavula magalasi n'kusisita chinsalucho ndi chikhatho, nkhope itagwa.

"Yafa iyi," anatero. "Pamwambapa pauma gwa ndi utomoni, pang'anima ngati galasi. Kamausi sikakuona chilichonse. Zoitanitsa zija tisiye, n'zosalimba."

"Yafa bwanji, bwana, bowo palibe?" anafunsa a Douglas.

"Izi sizifa ndi bowo. Ikasiya kuyendetsa mausi, yatha ntchito."

Teleza anasendera pafupi ndi tebulo. "Bwana, mundikhululukire. Inafa liti?"

A Caleb anaganiza pang'ono. "M'mvula, ndi madzi a tiyi tsiku ndi tsiku? Miyezi iwiri yoyambirira, mama. Itatu ikachuluka."

 Teleza anawerenga chamumtima. Miyezi iwiri kuchokera Disembala uja, Queen anali Sitandade 4, ali nambala wachiwiri m'kalasi, akufunsabe tsiku lililonse ngati njoka yabooka. Ndiye kuti zaka zonsezi iye ankamanga m'chiuno chinthu chakufa, n'kumachipempherera kuti chife.

A Douglas anafotokozera bwana watsopanoyo za lamulo la chala, za epuloni yachikasu ndi za nyumba za ku malayini. A Caleb anamvetsera kukamwa kuli yasa, akuyang'ana Teleza, akuyang'ana a Douglas.

"Nde mayiwa akhala a sizoni zaka naini chifukwa cha mausipadi yanga?"

"Chifukwa cha lamulo, bwana."

"Chabwino, apatseni yachikasuyo. Ndanena ine kuti iyi yafa."

"Sizingatheke, bwana," anatero a Douglas, thukuta lili pamphumi. "Mundikhululukire, koma chala chiyenera kulowa."

A Caleb anatsegula kabati n'kutulutsa panchi yaikulu yoboolera mapepala a m'mafayilo. A Douglas anaimirira.

"Bwana, wodula epuloni amachotsedwa ntchito."

"Wa sizoni, eti?"

"Eya, bwana."

"Ine ndine wa sizoni?"

A Douglas anaganiza nthawi yaitali ndithu, akufufuza lamulo lonse m'mutu mwawo kuchokera koyamba mpaka kothera. Kenako anakhala pansi.

A Caleb analowetsa ngodya ya chinsalu m'kamwa mwa panchi, ngodya yomwe ija inagonjetsa tonde wa a Zakeyu, n'kudinikiza ndi dzanja limodzi. Inangoti khetye. Sanachite kuluma mano, sanaimirire n'komwe. Anasuntha pang'ono n'kudinikizanso, kachitatu, kachinayi, kuti bowo likule. Pa tebulo panagwa timphira tinayi takuda, tozungulira, tating'ono ngati nandolo.

A Douglas anaimiriranso, anakonza tayi, anavula wotchi. Anakweza chala cha mkombaphala, chija chinabinyapo, n'kuchilowetsa pang'onopang'ono mpaka chinatulukira kunsi. Anachisiya momwemo kwa kanthawi.

"Chalowa," anatero. "Amake Queen, chalowa."

Teleza sanalulute. Anatola timphira tinayi tija n'kutimanga pansonga ya chitenje, iye mwini osadziwa chifukwa chake. A Caleb anati chinsalucho akhoza kungochitaya, chilibenso ntchito. Teleza anachikulunga n'kuchiika m'khwapa.

Epuloni yachikasu inali yopyapyala, yonunkha utsopano, yoti nthambi imodzi yokwiya ikhoza kuing'amba sabata yoyamba. Kiyi anali wa nyumba nambala 14, yachitatu kuchokera pampopi. Loweruka masana Asumani anamunyamulira katundu pa lole, ndipo katunduyo sanadzaze ngakhale ngodya imodzi. Cathy anabwera kudzathandiza kusesa, anaseka, anamukumbatira, kenako anathamangira kwawo poti anasiya nyemba pamoto.

Teleza analowa m'chipinda chachiwiri. Zenera linalipo, ndipo linkayang'ana kusukulu, pafupi kwenikweni moti munthu akhoza kuwerenga zolembedwa pa bolodi la Sitandade 8. Anatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje cha maluwa achikasu. M'mopinda monse munali mutachita mizere yotuwa, koma njenjete sizinachikhudze. Anakhoma misomali iwiri, anamanga chingwe, n'kuchikoleka. Chinakwana bwino, n'kutsalako pang'ono.

Kenako anaimbira foni ku Thekerani. Inaitana nthawi yaitali.

"Amayi, muli bwanji? Ndili pachigayo."

"Queen, njoka ija yabooka. Nyumba atipatsa, ndikulankhula ndili momwemo. Chipinda chako chilipo, katani ndaika kale."

Kumbali inayo kunkamveka chigayo, komanso khanda likulira kumsana.

"Chipinda chiti, amayi?"

Teleza anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma anaona kuti nkhaniyo ndi yaitali, ndipo mwini wake wa chipindacho, wa zaka khumi uja, kunalibenso koti angamuimbire.

"Ayi, n'zakale," anatero. "Gayitsa kaye, mwanayo akulira."

"Chabwino, ndikuimbirani ndikafika kunyumba."

Simenti ya m'chipindamo inali yozizira, ndipo mawondo ake sakanalola kuti aime nthawi yaitali. Anatambasula chinsalu chija pansi pa zenera n'kukhalapo, miyendo atatambalala. Chinali chofunda bwino, chosalowa chinyezi, ulusi wa m'mbali uli wonse. Anakokera ngodya ija pamwendo pake n'kuyesa bowolo ndi chala chake chong'ambikacho. Chinalowa mosavuta, malo n'kutsalako.